Khansa ikanyengerera asilikali a m'thupi

Mayi wina wa kwathu, yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, anabwera kudzandiona atanyamula mabotolo awiri m'chikwama. Anawagula pafupi ndi Park Station, ndipo wogulitsayo anawauza kuti ndi okweza chitetezo cha m'thupi. Apo n'kuti atangowapeza ndi khansa ya m'bere. "Adokotala," anatero, "asilikali a m'thupi mwanga atati achuluke, chotupachi sichingaphwe chokha?"

Funsoli ndimalimva kawirikawiri pakati pa Amalawi a kuno ku Johannesburg, ndipo lili ndi mutu. Ambirife tinadziwa za asilikali a m'thupi kudzera pa HIV: CD4 ikatsika matenda amalowa, ikakwera munthu amadzuka. Ndiye timaganiza kuti nkhani yonse yagona pa kuchuluka kwawo. Pa khansa sizili choncho. Chotupa chimatha kudzaza ndi asilikali, koma n'kumakulabe.

Tizilombo ta TB kapena ta malungo ndi alendo, mlonda amationera patali. Khansa ndi mwana wa m'nyumba momwemo. Ndi selo la mwini thupi (maselo ndi tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi) lomwe malangizo ake a mu DNA asokonekera, moti likungogawikana osaleka. Komabe thupi lili ndi njira yoligwirira. Pafupifupi selo lililonse limaonetsa kunja kwake tizidutswa ta zomwe zikupangidwa m'kati mwake, monga munthu amaonetsera chiphaso pageti. Asilikali otchedwa ma T cell, a mtundu wa CD8, amayendayenda kuyang'ana ziphasozi. Akaona chachilendo amaboola selolo n'kulipha. Selo lomwe labisa chiphaso chake limakumana ndi gulu lina, ma NK cell, omwe amapha selo losaonetsa kanthu.

Umboni wakuti ulondawu umagwiradi ntchito tinauona ndi maso athu ma ARV asanafike. Ndani wa msinkhu wathu sakumbukira zigamba zakuda pamiyendo ndi mapazi otupa a khansa ya Kaposi? Kachilombo koyambitsa khansayi, HHV-8, kanapezeka mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore. Anthu ambiri a kuchigawo chathu chino cha Africa ali nako, koma chitetezo chikakhala bwino kamangokhala duu. HIV ikagwetsa CD4 m'pamene khansayo imatulukira, ndipo kwa ena zigambazo zimazimiririka akayamba kumwa ma ARV mokhulupirika. N'chimodzimodzi khansa ya khomo la chiberekero: bungwe la WHO limati mayi yemwe ali ndi HIV ali pachiopsezo choidwala kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi yemwe alibe, chifukwa thupi lake limalephera kuchotsa kachilombo ka HPV komwe kamayambitsa khansayi.

Nanga bwanji munthu wopanda HIV, wodya bwino, wamphamvu zake, amadwala khansa? Maselo a khansa osavuta kuwaona amaphedwa msanga. Otsala ndi aja odziwa kubisala, ndipo ndi omwewo amaswana kwa zaka mpaka chotupa kuoneka. Pofika tsiku lomwe munthu wamva kam'bulu m'bere, chotupacho chapulumuka kale kambirimbiri.

Chomwe chimandizizwitsa mpaka pano n'chakuti chotupa sichingobisala, chimalemba ganyu alonda omwewo. Ma T cell ali ndi mabuleki, ndipo mabulekiwo ndi ofunika, chifukwa popanda iwo asilikali akanamaukira thupi la mwini wake. Buleki imodzi imatchedwa PD-1. Maselo a khansa ambiri amavala chizindikiro chotchedwa PD-L1, chomwe chimaponda bulekiyo. Msilikali amafika pachotupa, mdani akumuona, koma manja ali lende.

Palinso ma macrophage, maselo akuluakulu omwe ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi kuthandiza bala kupola. Pabala amaitana mitsempha yatsopano ya magazi, n'kuuza asilikali anzawo kuti nkhondo yatha. Chotupa chimadzionetsa ngati bala, ndiye ma macrophage amachichitira zomwezo: amachikokera mitsempha yochidyetsa, amatontholetsa ma T cell, amafewetsa minofu yozungulira mpaka maselo a khansa kupeza njira yolowera m'magazi. Rudolf Virchow anaona maselo oyera a magazi m'kati mwa zotupa kale mu 1863, koma panatenga zaka zoposa 100 kuti timvetse kuti ena mwa iwo ali kumbali ya chotupacho. N'chifukwa chake mawu akuti "kukweza chitetezo" sandikhutiritsa. Tikukweza gulu liti?

Madokotala anayamba kale kuyesa kudzutsa asilikaliwa. Mu 1891, William Coley wa ku New York ankabaya odwala khansa tizilombo kuti thupi litenthe, ndipo zotupa zina zinkaphwa, ngakhale njirayo inali yoopsa ndi yosadalirika. Chitsanzo chapafupi nafe ndi BCG, katemera wa TB uja anatisiyira chipsera paphewa tili makanda. Kuyambira m'ma 1970, BCG amathiridwa m'chikhodzodzo cha odwala khansa ya m'chikhodzodzo yomwe sinazame, kuti aitanire asilikali pamalopo. Mpaka lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Honjo ndiye anapeza PD-1 mu 1992, pomwe Allison anafufuza buleki ina yotchedwa CTLA-4. Nzeru yawo sinali yochulukitsa asilikali koma yomasula mabuleki. Mankhwala oyamba otere, ipilimumab, anavomerezedwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab anatsatira mu 2014. Pa khansa yapakhungu ya melanoma yomwe yafalikira, imene kale inkapha m'miyezi yowerengeka, lero alipo anthu omwe akhala zaka zambiri. Amathandizanso pa khansa zina za m'mapapo, impso ndi chikhodzodzo. Mu 2017 kunavomerezedwa njira ya CAR-T, yomwe madokotala amatapa ma T cell a wodwala, kuwasintha ku labotale, n'kuwabwezera m'thupi kuti akasake khansa zina za m'magazi.

Ndisakupatseni chiyembekezo chopitirira muyeso. Mankhwalawa sagwira pa khansa iliyonse, ndipo ngakhale pomwe amagwira, odwala ambiri sathandizika nawo. Mabuleki akamasuka, asilikali amatha kuukira matumbo, khungu, mapapo kapena chithokomiro, ndipo zina mwa izi zimaika moyo pachiswe. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri, moti amene amawapeza kawirikawiri ndi omwe ali pa medical aid. Zimandiwawa kuti wosamalira maluwa kapena mlonda wa kwathu, ngakhale atakhala kuti angathandizidwe nawo, nthawi zambiri sawafikira.

Zomwe zili m'manja mwathu si zazing'ono. Ma ARV ndi mankhwala oteteza ku khansa, ngakhale sitiwatchula choncho. Katemera wa HPV amaphunzitsa asilikali kuzindikira kachilomboko kasanakhazikike. Kuno ku South Africa amaperekedwa kwa atsikana m'sukulu za boma kuyambira 2014, ndipo ku Malawi anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019. Kalata yopempha chilolezo ikabwera kuchokera kusukulu, makolo anzanga, sainani. Amayi omwe msinkhu wa katemera unawapitirira azipita kukayezetsa khomo la chiberekero kukiliniki.

Mayi aja ndinawapempha kuti asamwe za m'mabotolomo, chifukwa sitidziwa zomwe zilimo, ndipo zitsamba zina zimalemetsa chiwindi kapena kusokoneza chemo, mankhwala a kuchipatala opha maselo a khansa. Ndinawauzanso za asilikali omwe ayenera kuwaganizira panopa, ma neutrophil, omwe amalimbana ndi mabakiteriya. Chemo amawagwetsa, makamaka pakati pa masiku 7 ndi 14 chilandirire mankhwala. "Mayi," ndinatero, "mugule thermometer. Thupi likatentha kufika madigiri 38, musadikire kuti kuche, musangomwa Panado n'kugona. Mupite kuchipatala usiku womwewo, ndipo pofika pakhomo munene kuti muli pa chemo."