Mphumu: Kupuma Kukamalira Kamluzu Usiku

Mwezi wa June ndi July ku Lilongwe kuno kumazizira kolowa m'mafupa. M'nyumba zambiri ku Kawale, ku Mtandire ndi ku Area 25 anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera. Ndiye chakum'mawa, tambala asanalire, mwana amayamba kutsokomola kouma kosalekeza. Mukayika khutu pamsana pake mumamva kamluzu akamatulutsa mpweya. Masana mwana yemweyo akusewera bwinobwino, makolo n'kumati chinali chimfine chabe. Zikamachitika mobwerezabwereza chonchi, ganizirani za mphumu.

Mphumu ndi nthenda ya timitsempha todutsa mpweya m'mapapo. Timitsempha timeneti timatupa m'kati, minofu yotizungulira imafinyika, ndipo makhololo olimba amadzazamo. Njira ikachepa chotero, munthu amabanika, chifuwa chimakhala ngati chamangidwa ndi lamba, ndipo kutulutsa mpweya kumavuta kuposa kuukoka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka kumene nthendayi sidziwika msanga ndipo mankhwala ake amasowa.

Mphumu sipatsirana. Mungathe kudyera mbale imodzi ndi wodwala, kugona naye pamphasa imodzi, simungatenge. Si kulodzedwanso ayi. Kawirikawiri imayenda m'magazi a banja, makamaka kumene ena amayetsemula pafupipafupi kapena ali ndi khungu loyabwa.

Zomwe zimaidzutsa zili pakhomo pathu pomwe. Choyamba ndi utsi: wa nkhuni, wa makala, wa fodya, wa koilo yothamangitsira udzudzu, wa zinyalala ndi mapulasitiki omwe timatentha kuseri kwa nyumba. Mayi amene akuphika m'khitchini yopanda zenera mwana ali kumbuyo, onse awiri akupuma utsi womwewo. Mbaula ya m'chipinda chotseka ija ndi yoopsa kawiri, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo ngakhale alibe mphumu. Kuyambira August mpaka October kumabwera fumbi la m'misewu yadothi ndi utsi wa tchire lotenthedwa. Dzinja nalo lili ndi zake: chinyontho chimameretsa nkhungu pamakoma. Onjezerani mphemvu, ubweya wa mphaka, nthenga za nkhuku zogona m'nyumba, mabulangeti osachapidwa, mafuta onunkhira kwambiri, ndi chimfine. Ogwira ntchito pachigayo, popala matabwa kapena posankha fodya amapuma fumbi tsiku lonse. Ngati chifuwa chimapepuka Loweruka ndi Lamlungu n'kubwereranso Lolemba, muwauze adokotala zimenezi. Ena amabanika akamwa aspirin kapena Brufen.

Munthu aliyense ali ndi zake zomuyambitsira. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi kakope kolembamo tsiku lomwe mwabanika, komwe munali ndi zomwe munkachita. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mumayamba kuona nokha mdani wanu.

Kuchipatala, kaya ku Bwaila, ku Kawale kapena ku Area 18, adokotala adzakufunsani kuti kutsokomolaku kumabwera nthawi yanji, kumakudzutsani usiku kangati, ndiponso ngati pali wachibale wa vuto lomweli. Adzamvetsera m'chifuwa. Kumene kuli zipangizo, adzakupatsani kachida kotchedwa peak flow meter kuti mupuziremo mwamphamvu, kenaka akupatseni mankhwala otsegula chifuwa, mudikire mphindi 15, mupuzirenso. Mpweya ukatuluka bwino kachiwirika, chimenecho ndi chizindikiro cha mphumu. Pali kuyeza kwina kozama kotchedwa spirometry komwe kumapezeka m'zipatala zazikulu. Musadabwe akakupemphani makhololo: chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka chokhala ndi kuonda ndi thukuta la usiku, chiyenera kuyezedwa TB kaye. Kwa achikulire, kubanika kungachokerenso ku mtima. Ana osakwana zaka 5 satha kupuzira m'kachida kaja, choncho adokotala amadalira zomwe mayi kapena bambo afotokoza, ndi momwe mwana akuchitira akalandira mankhwala.

Tsopano za pampu, kachida kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa kuti muwakokere m'mapapo, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timataya njira. Pali mphekesera yoti ukayamba pampu sudzaisiyanso, kapena yoti pampu ndi ya munthu amene watsala pang'ono kufa. Zimenezi si zoona, ndipo zikuvutitsa ana ambiri popanda chifukwa. Pampu imapereka mankhwala ochepa kwambiri molunjika m'mapapo, pamene mapiritsi amayamba azungulira thupi lonse. Ya salbutamol, yomwe nthawi zambiri imakhala yabuluu, imatsegula chifuwa m'mphindi zochepa mukabanika. Ya beclomethasone, yomwe nthawi zambiri imakhala yofiirira, imachepetsa kutupa kwa m'kati, ndipo imapopedwa tsiku lililonse ngakhale mukupeza bwino; mukatha kupopa chukuchani m'kamwa ndi madzi n'kulavula. Mphumu sitheratu, koma amene amatsata mankhwala ake amalima, amathamanga, amasewera mpira. Amayi oyembekezera asasiye pampu popanda kufunsa kusikelo. Ngati yabuluu mukuifuna koposa kawiri pasabata, bwererani kuchipatala, mankhwala anu akufunika kuonedwanso.

Mwana sangathe kupopa ndi kukoka mpweya nthawi imodzi. Botolo lapulasitiki la 500 ml lotsukidwa bwino limathandiza: mubowole kumatako kwake bowo lokwana pakamwa pa pampu, mugwedeze pampuyo, muilowetse, mwana alume kukamwa kwa botolo, mupope kamodzi, apume kanayi kapena kasanu. Njira imeneyi inayesedwa pa ana ku Cape Town ndipo inapezeka kuti imagwira ntchito ngati chipangizo chogula. Anamwino angakuonetseni kapangidwe kake.

Munthu akabanika kwambiri, mukhazikeni tsonga, musamugoneke chagada. Mumupopere yabuluu kamodzikamodzi, mpaka ka 10 ngati sakupepukidwa. Akamalephera kumaliza chiganizo, milomo ikayamba kuda, pakati pa nthiti ndi pakhosi pakamalowa m'kati, mwana akamakana kuyamwa kapena akafooka ngati wogona, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto kapena kabaza, pitani kuchipatala chapafupi kapena ku Kamuzu Central, mukupitiriza kumupopera m'njira. Tengani pampu ndi buku la kuchipatala. Pa mafunso ena osafuna changu, imbani 929 ku Chipatala cha pa Foni.