Mwanabere si matenda ayi

Kwathu ku Katete mwana akatupa mwanabere m'mphechepeche, agogo amafunditsa mthiko pamoto n'kumamuthowa, ati chotupacho ndiye matenda. Ayi ndithu. Yang'anani kuphazi kaye. Kawirikawiri pamakhala kachilonda, mwina ka minga, kamene kayamba kutukusira.

Tizilombo tikalowa pabalapo timatengedwa ndi madzi a m'thupi mpaka pa timfundo ta m'mphechepeche, timene tikatupa timati mwanabere. Pamenepo maselo oyera a magazi amatikola, n'kuchulukana kuti alimbane nato, ndiye kutupa kuja. Mafinya amene timanyansidwa nawo aja, ambiri ndi asilikali omwewa atafera kunkhondo. Tsukani balalo ndi sopo, mthiko ubwerere ku nsima.

Koma mwanabere akatha milungu iwiri osaphwa, kapena akalimba gwa, pitani kuchipatala, poti TB nayo imatupitsa timfundo ta m'khosi.