Manja amene anaumba njerwa za Fort Jameson

Mukatsikira ku Down Shops, dera la masitolo akale mu Chipata, m'mawa, musathamangire kugula chitenje. Tayimani kaye pakhonde la sitolo yakale muyang'ane nsanamira, malata ofiira ndi dzimbiri, ndi makoma okhuthala amene amasunga chipinda chozizira ngakhale mu Okutobala. Nyumba zotere zikutha mu Chipata, ndipo zikutha mwakachetechete.

Tauni yathuyi inabadwa ndi nkhondo. Mu Januwale 1898 asilikali a atsamunda anachokera ku Nyasaland (Malawi wa lero) kudzamenyana ndi Angoni a mfumu Mpezeni, pamene kampani ya North Charterland inkalota kuti dziko lino lili ndi golide. Angoni anagonja, ng'ombe zawo zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anawomberedwa. Chaka chotsatira kampani ya British South Africa inakhazika boma lake m'chigwa chino n'kutcha malowa Fort Jameson, potengera Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Kuno ndiko kunali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia, likulu n'kukhala Livingstone. Abwanamkubwa anapita, nyumba zinatsala.

Si boma lokha linamanga. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, kenako ku Madzimoyo mu 1903. Amwenye ochokera ku Gujarat anadzera ku Nyasaland n'kumanga masitolo ndi mizikiti. Alimi a fodya anasiya zigafa m'mafamu.

Mkangano umayambira pamenepa. Alipo amene amafunsa kuti tisungirenji nyumba za anthu amene anapha Nsingo. Funsoli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma ndani anakumba dothi? Ndani anaponda, kuumba, kuwotcha uvuni usiku wonse, ndi kusenza njerwazo pamutu? Anali agogo athu, ambiri a iwo akusaka ndalama ya msonkho wa nyumba umene mzungu anawaikira. Mayina awo sanalembedwe pakhoma lililonse. Khomalo ndilo umboni wokhawo woti analipo ndipo anali amisiri. Tikaligwetsa, Jameson dzina lake likhalabe m'mabuku, ofafanizika ndi iwowo.

Lamulo lilipo. Mu 1989 dziko la Zambia linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, bungwe loteteza malo ndi zinthu zakale za dziko, ndipo chomangidwa chisanafike chaka cha 1924 sichiyenera kugwetsedwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo chake. Malo ngati Fort Young, linga lakale la atsamunda kunja kwa tauni, ali m'kaundula wa dziko. Komabe ofesi yoyang'anira dziko lonse singaone denga lililonse lodontha. Chipata chinakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, mapuloti apakati pa tauni akufunidwa kwambiri, ndipo mwini nyumba yakale amaona kuti shopu yosanja ingamupatse lendi yochuluka. Nthawi zambiri sagwetsa ndi tsiku limodzi. Mvula imalowa, chiswe chimadya mitengo ya denga, khoma limang'aluka, kenako aliyense amavomereza kuti nyumbayo ndi yoopsa.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi Nc'wala. Mwambowu unaletsedwa Angoni atagonja, koma mu 1980 eni ake anaudzutsa, ndipo lero anthu amadzaza ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale uliwonse. Mwambo wa Kulamba nawonso unabwerera mu 1984, ndipo Achewa a m'mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika kwa Gawa Undi. Anthu a Kum'mawa timadziwa kusunga chinthu tikachitcha chathu.

Gulu loteteza nyumba zakale silifuna chuma kuti liyambe. Aphunzitsi opuma pantchito, akulu a mpingo ndi a mzikiti, amalonda ndi nduna za mafumu angayende msewu ndi msewu, kulemba nyumba iliyonse, kuijambula pafoni, kufunsa okalamba kuti anamanga ndani ndipo munkachitika chiyani. Mndandandawo upite ku khonsolo ndi ku bungwe la dziko lija, kuti pulani yogwetsa ikabwera ipeze anthu akudziwa kale. Mwini nyumba asamutenge ngati mdani, pakuti kukonza kumamudyera ndalama iyeyo.

Ndipo afunefune amisiri achikulire nthawi ikadalipo. Makoma ambiri akale anamangidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo ukawapaka pulasitala wa simenti chinyontho chimatsekeredwa mkati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Mnyamata amene anaphunzira pa mabuloko sangadziwe zimenezi ngati palibe womuuza.