Musayambe ndi thiraki pobwerera kumudzi kuchokera ku Johannesburg

Sabata ino yokha ndalandira mafoni atatu ofanana. Munthu akuimba ali ku Johannesburg, mawu ake osangalala: "Achimwene, tikubwerera kumudzi banja lonse. Thiraki ndapeza kale, inyamuka Lachisanu. Inu mudzangotithandiza pa Mwanza." Ndikafunsa za mndandanda wa katundu, akuti alemba. Ndikafunsa za mapepala a ana, akuti tidzaonera konko.

Ndatopa nawo mawu amenewa. Ndakhala ndikukiliya katundu pa chipata cha Mwanza kwa zaka zambiri, ndipo konko mukunenako ndi kuno ndimagwira ntchito ine. Kuno palibe chimene chimakonzeka. Timangolandira zimene munakonza musananyamuke, kapena zimene munasiya osakonza. Thiraki ndi chinthu chomaliza pa kusamuka, koma pafupifupi aliyense amayambira pomwepo chifukwa ndi imene imaoneka ndi maso ndiponso ndi imene ili ndi mtengo woti n'kunenerera.

Taganizirani ulendo wa sofa yanuyo. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700 ndipo idutsa m'maiko anayi. Ituluka pa Beitbridge, idutsa Masvingo ndi Harare, ilowa mu Mozambique pa Nyamapanda, iwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. A ku Lilongwe ambiri amapatukira ku Angonia n'kulowera pa Dedza. Zipata ndi zitatu, chilichonse chili ndi mbali ziwiri, ndiye kuti maofesi asanu ndi imodzi, ndipo ofesi iliyonse ikufuna pepala lonena kuti m'thirakimo muli chiyani, ndi za yani. A Zimbabwe ndi a Mozambique amafunanso chitsimikizo chakuti katunduyo akungodutsa, satsitsidwa m'dziko mwawo. Pepala likalakwika pa Beitbridge, cholakwacho chimayenda ndi thiraki mpaka kudzatipeza kuno.

Ambiri munamva kuti munthu wobwerera kwawo atakhala kunja nthawi yaitali salipira msonkho pa katundu wake wa m'nyumba. Zimenezo zilipo ndithu m'malamulo a msonkho a Malawi, koma anthu amamva mbali imodzi yokha. Mwayi umenewu ndi wa katundu amene mwakhala mukugwiritsa ntchito, ndipo muyenera kuonetsa umboni wakuti munakhaladi kunjako: zidindo za mu pasipoti, kalata ya kuntchito, pepala la lendi, malisiti. Filiji yatsopano imene ikadali m'katoni yake si katundu wogwiritsidwa ntchito. Masitovu anayi, ma TV atatu ndi mabelo a zovala si katundu wa banja limodzi, ndipo wa MRA sachita kufunsa kawiri kuti adziwe kuti ndi zamalonda. Ngati mukufuna kubweretsa mpamba wa geni, bweretsani, palibe choletsa, koma mulembetse padera ndipo mukonzeretu ndalama ya msonkho. Galimoto ili ndi zofunika zakezake. Funsani a MRA kapena ejenti wovomerezeka musanakweze ngakhale supuni imodzi, ndipo TPIN yanu, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, ikhale ilipo kale.

Mndandanda umene ndikunena si pepala lolembedwa kuti "katundu wa m'nyumba, makatoni 30". Katoni iliyonse ikhale ndi nambala ndi dzina lanu, lolembedwa mbali ziwiri ndi cholembera chosafufutika. Papepala mulembe kuti katoni 7 muli mbale, mapoto atatu ndi ketulo. Filiji, TV ndi makina ochapira mulembe mtundu wake ndi nambala ya kumbuyo ija. Jambulani chilichonse pa foni musanatseke. Pepala limodzi lipite ndi dalaivala, lina kwa ejenti, lina likhale m'chikwama chanu cha pamanja. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo awiri kapena atatu, ndipo ndi imene imasiyanitsa katundu wanu ndi wa anthu ena tsiku limene zinthu zavuta.

Ndikunena zimenezi chifukwa cha mayi wina amene nkhani yake siinandichokebe mumtima. Anafika pa Mwanza pa basi mu December, ali ndi ana atatu, wamkulu mtsikana wa zaka 13. Amuna awo anatsalira kuti amalize kontirakiti. Katundu wa zaka zoposa khumi za ukwati anamupereka kwa wonyamula katundu amene anamupeza pa gulu la WhatsApp, chifukwa mtengo wake unali wotsika kwambiri kuposa wa ena onse. Panalibe lisiti, panalibe mndandanda, panali nambala ya foni basi. Munthu uja anakweza katundu wawo pamodzi ndi wa anthu ena ambiri, ndipo pansi pa matiresi ndi masofa anabisapo makatoni a katundu wamalonda amene sanamulembetse. Atachita chipikisheni pa chipata, thiraki yonse inagwidwa. A kasitomu anagwira ntchito yawo monga mwa lamulo. Dalaivala anangoti iye ndi waganyu, ndipo mwini wake foni inazima tsiku lomwelo.

Mayi aja anabwera ku ofesi kwathu atabereka mwana wamng'ono kumsana. Anati, "Bambo, bedi langa ndikuliona ndi maso anga, lili apo. Bwanji osangondipatsa?" Linalidi lawo, ndinawakhulupirira. Koma papepala limene thiraki inalowera dzina lawo panalibe, ndipo pakatundu panalibe chizindikiro chilichonse. Anthu ena asanu ankalozanso zinthu m'thiraki yomweyo. Kuti titsimikize kuti bedi ndi lawo tinachita kufufuza zithunzi zakale za pa foni, pamene mwana ankakondwerera tsiku lobadwa, bedi likuonekera kumbuyo.

Chimene chimandipweteka kwambiri si bedilo. M'katoni ina m'thirakimo anaikamo malipoti a sukulu a ana, mabuku awo a kuchipatala ndi mankhwala a mayiwo a miyezi itatu. Anaganiza kuti katundu afika patangopita masiku awiri iwo atafika. Maneti a udzudzu analibe, chifukwa ku Johannesburg kulibe malungo ndipo palibe amene amagona m'neti. Anakafikira kwa achemwali awo ku Chikwawa, mvula ili pakati. Sipanathe masabata atatu mwana wa zaka zinayi anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu. Anachira, tithokoze Mulungu, koma anamuika magazi. Katundu anatuluka mu March, atalipira ndalama yosungira imene inaposa zimene anapulumutsa posankha wonyamula wotchipa uja. Matiresi anali atachita nkhungu, anangowataya.

Ndiye mukamandiuza kuti mwapeza wotchipa, ndimachita mantha. Sindikunena kuti onse onyamula katundu pakati pa Joni ndi kumudzi ndi akuba. Alipo okhulupirika amene ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, ndipo amakhala oyamba kukufunsani mndandanda. Koma mtengo wa dizilo, wa misewu ndi wa zipata ndi umodzi kwa aliyense. Munthu akakutchulirani theka la mtengo wa anzake, ndalama yotsalayo aipeza penapake, ndipo nthawi zambiri aipeza pobisa katundu pansi pa wanu. Mufunseni kumene kuli ofesi yake ndipo mukaione nokha. Mufunse nambala ya thiraki ndi dzina la dalaivala. Mufunse ngati dzina lanu lilembedwa pa mapepala a pa chipata monga mwini katundu. Mufunse za inshuwalansi, muone pepala lake. Mugwirizane polemba, ndipo musalipire ndalama yonse katundu asanafike. Akayamba kunena kuti "pa boda ndili ndi anthu anga, musadandaule", nyamukani muzipita. Wa mapepala olongosoka safuna anthu ake pa boda.

N'chimodzimodzi ndi adobadoba amene amakuthamangirani mukangotsika basi, atanyamula kafayilo m'khwapa. Ejenti weniweni ali ndi chiphaso cha MRA, ali ndi ofesi, amalowetsa zonse mu kompyuta ndipo msonkho mumalipira ku banki n'kulandira lisiti. Amene akuti mumupatse ndalama pamanja akalankhule ndi bwana, akukuikani m'mlandu wa ziphuphu umene iye sadzakhalapo pouyankha. Choopsa koposa ndi ogulitsa zidindo. Ndikudziwa kuti abale athu ambiri anakhala ku South Africa masiku awo atatha. Kuyambira 2014, munthu wotero akamatuluka amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi imene itha kufika zaka zisanu. Zimawawa, makamaka ngati bambo amafuna kudzabwereranso kuntchito. Koma chidindo chabodza mu pasipoti chimasandutsa vuto la masiku kukhala mlandu wopita nawo kundende, ndipo chimaononga umboni womwe uja mumafuna kuonetsa kuno.

Tsopano za ana, zimene zimayenera kuyamba miyezi itatu kapena inayi thiraki isanaganiziridwe n'komwe. Mwana wobadwira ku South Africa kwa makolo a ku Malawi sakhala nzika ya kumeneko chifukwa chongobadwirako. Amafunika pepala la kubadwa la ku Home Affairs ndi chitupa choyendera cha Malawi, chimene mumakayamba ku ofesi ya kazembe ku Pretoria kapena ku ofesi yathu ya ku Johannesburg. Zimenezi sizituluka tsiku limodzi. Ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi, pakhale kalata yolumbirira ya kholo linalo yovomereza ulendowo. Ndaona mabanja atagawanika pa Beitbridge, mayi atsale ndi mwana mmodzi, ena apitirire, chifukwa cha pepala limodzi.

Sukulu ndi pamene makolo ambiri amalakwira ana awo osadziwa. Ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba mu January n'kutha mu December. Kuno chimayamba mu September. Banja likasamuka pa Khirisimasi, poganiza kuti ana amaliza chaka bwinobwino, limawafikitsa anzawo atamaliza kale teremu yoyamba. Komanso pulayimale kumeneko imathera Grade 7, pamene kuno imathera Sitandade 8, ndipo wofuna kusankhidwira ku sekondale ya boma ayenera kulemba mayeso a MANEB, amene kalembera wake amachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike. Mtsikana wa mayi aja anamaliza Grade 7 ali wanzeru m'kalasi mwake. Anafika wopanda lipoti, Chichewa akungomva koma osatha kulemba, poti anakula akulankhula Chizulu ndi Chingerezi. Anataya chaka chathunthu. Mukadandifunsa ine, banja la ana a sukulu lifike mu July kapena August: mvula kulibe, misewu ndi youma, pa Beitbridge palibe mizere ya December ija ya mathiraki ogona masiku, ndipo ana amayamba chaka limodzi ndi anzawo. Lankhulani ndi ahedi a sukulu imene mukufuna musananyamuke, mumve kalasi imene adzamuike mwanayo, ndipo yambani kulankhula naye Chichewa pakhomo lero.

Nyengo ya mvula musaiderere. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga mlatho wa pa mtsinje wa Revubue pafupi ndi Tete, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anadula misewu yambiri m'chigawo cha kummwera. Katundu akaima panjira sabata ziwiri pansi pa tenti yodontha, palibe amene adzakubwezereni ngati munalibe inshuwalansi.

Pali zinthu zimene siziyenera kukwera thiraki ngakhale mutamukhulupirira bwanji dalaivala: mapasipoti, mapepala a kubadwa, malipoti ndi kalata yosamutsira mwana sukulu, kabuku ka mwana ka kusikelo, satifiketi zanu, malisiti, ndi mankhwala. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, pitani ku chipatala chanu mukatenge kalata yosamukira ndi mankhwala okwanira kukufikitsani pamene mudzalembetse kuno. Musadumphitse masiku chifukwa cha msamuko. Maneti mugule tsiku lomwe mwafika, asanagone ana, ndipo mwana wokulira ku Johannesburg akatentha thupi kuno musamupatse panado n'kudikira kuti muone mawa. Thupi lake silinakumanepo ndi malungo. Pitani naye akamuyeze tsiku lomwelo.

Zotsalazo ndi zazing'ono ndipo mukuzidziwa. Filiji iyende choimirira ndipo ikafika ipume maola angapo musanaiyatse. Silinda ya gasi ikhale yopanda kanthu. Mapulagi a ku South Africa ndi a mano ozungulira, salowa m'masoketi athu. Nyumba yofikira ikhale yopezeka kale, ndipo wina akaone ngati thiraki yaikulu ingafike pakhomo, chifukwa dalaivala akaona msewu woipa amatsitsira katundu pamsewu waukulu n'kubwerera.

Bambo amene anandiimbira Lachitatu ndinawauza kuti thiraki ya Lachisanu aileke ipite. Anakwiya, anati alipira kale dipoziti ndipo lendi ikutha mwezi uno. Ndinawafotokozera za mayi a ku Chikwawa aja, anakhala chete kanthawi, kenako anadula foni. Dzulo anditumizira zithunzi za mndandanda wolembedwa pamanja, makatoni 41, ndi uthenga wakuti alandilodi awaonjezera miyezi iwiri ndipo Lolemba akupita ndi ana awiri ku ofesi ya kazembe.