Nkhani ya mafuta owira pa zipata za malinga a ku Ulaya

Ndatopa nayo nkhani yakuti asilikali olondera malinga akale a ku Ulaya ankangokhalira kukhuthulira adani mafuta owira pachipata. Zinachitikapo apo ndi apo, koma sizinali za nthawi zonse. Mafuta anali odula, ndipo anthu amene azingidwa ndi adani sankataya chakudya mwachisawawa.

Taonani linga la Caernarfon ku Wales, lomwe anayamba kulimanga mu 1283. Chipata chake chachikulu anachikonza kuti chikhale ndi zitseko 5, komanso zotchingira 6 za mitengo yokutidwa chitsulo zotsika kuchokera m'mwamba, ngakhale sanachimalize kumanga. Mdani akalowa m'kanjirako, ankatsekeredwa kutsogolo ndi kumbuyo. M'makoma munali timipata toponyerapo mivi, kudenga kunali mabowo. Pa mabowo otere ndi pomwe ankagwetsera miyala, madzi owira, mchenga wotentha kapena laimu. Mchengawo unali woopsa kwambiri chifukwa unkalowa mkati mwa zovala zachitsulo n'kuwotcha khungu. Mabowowo ankathandizanso kuthira madzi adani akayatsa moto pachitseko, poti zitseko zinali zamatabwa.

Mukamva nkhani yotere, funsani kuti zinachitika pa linga liti, chaka chiti, ndipo analemba ndani pa nthawiyo. Mabuku a akatswiri a mbiri yakale amasonyeza kumene anapeza mfundo zawo, pomwe chithunzi cha m'filimu si umboni. Ngati mayankho amenewa palibe, chonde musaitumize kwa ena pa WhatsApp kapena Facebook mpaka mutatsimikiza.