Build ikamagwa pena n'kudutsa pena, kayikirani makina

Compiler, pulogalamu yomwe imasandutsa code yolembedwa ndi munthu kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse, sisinthasintha maganizo. Mukaipatsa code yomweyo ndi makonzedwe omwewo, imayenera kutulutsa zomwezo, ndipo ngati pali cholakwika imayenera kuima pa mzere womwewo nthawi zonse. Ndiye build, ntchito yomanga pulogalamu ndi compiler, ikagwera pa fayilo iyi, mukabwereza n'kugwera pa ina, kenako n'kudutsa bwinobwino, ine maso anga amapita ku makina.

Chizindikiro chodziwika ndi uthenga wa compiler yotchedwa GCC wakuti "internal compiler error: Segmentation fault", womwe ambiri amangoutchula kuti signal 11. Kumanga pulogalamu yaikulu kumadzaza RAM (momwe kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ndi kutenthetsa purosesa kwa nthawi yaitali, zomwe kulemba makalata sikuchita. N'chifukwa chake kompyuta imaoneka yabwinobwino pa ntchito zina zonse. Koma bit imodzi yokha ikatembenuka mu RAM, 0 n'kukhala 1, compiler imakawerenga malo olakwika n'kugwa.

Musathamangire kumasula kompyuta. Yambani mwayesa make -j1, lamulo lomanga chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa Makefile (fayilo ya malangizo a build) yosalongosola bwino chimene chiyenera kumangidwa koyamba imagwanso mwa apo ndi apo ntchito zikamayenda zambiri nthawi imodzi. Mukaona mawu akuti "Killed", nthawi zambiri RAM yangotha ndipo Linux yapha ntchitoyo. Palibe chaonongeka pamenepo.

Zimenezi zikapanda kuthandiza, zimitsani XMP (makonzedwe othamangitsa RAM) ndi overclock iliyonse (kuthamangitsa makina kuposa liwiro lawo lokhazikika) mu BIOS, momwe muli makonzedwe oyambira a kompyuta. Kenako yatsani kompyuta ndi Memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM, kuchokera pa flash, muisiye usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kusonyeza kuti pali vuto. Zulani timitengo ta RAM, muziyesa kamodzikamodzi mpaka mupeze koipako. Chenjerani apa: kudutsa mayesowa sikutanthauza kuti makina ali bwino, pakuti Memtest86+ sitopetsa purosesa ngati mmene compiler imachitira. Thamangitsani purosesayo ndi pulogalamu ya stress-ng kapena Prime95 mukuyang'ana kutentha kwake, ndipo muone ngati dmesg, yomwe imaonetsa mauthenga a Linux, ikunena za machine check, kutanthauza kuti purosesa yapeza vuto m'makina. Fani yodzaza fumbi ndi power supply yofooka zimaonekera pamenepa.

Purosesa nayonso imatha kubwera ndi vuto kuchokera kufakitale. Mu 2017, AMD inavomereza kuti mapurosesa ake ena oyambirira a Ryzen ankagwa pomanga mapulogalamu akuluakulu pa Linux, ndipo inkasinthira eni ake. Mu 2024, Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira magetsi opitirira muyeso n'kumafooka pang'onopang'ono. Microcode yatsopano (malangizo a m'kati mwa purosesa) imateteza purosesa yomwe ikadali yabwino, koma yomwe inaonongeka kale imafunika kuisintha basi.