Ulendo wa m'mapiri a Wind River ndi llama: mafunso ndi mayankho

M'mapiri a Wind River, m'chigawo cha Wyoming ku America, muli dera lotetezedwa lotchedwa Bridger Wilderness. Lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa galimoto, njinga, ngakhale wilibala m'madera otere. Katundu yense amayenda pamsana, wa munthu kapena wa chiweto. N'chifukwa chake makampani ena amaperekeza alendo ndi llama, nyama yochokera kumapiri a Andes, ya mtundu umodzi ndi ngamila koma yopanda linunda.

Kodi llama amaikwera?

Ayi. Inu mumayenda pansi mutagwira chingwe chake, iyo itasenza tenti, chakudya ndi zofunda. Patsiku gulu limayenda makilomita 8 mpaka 13.

Imanyamula katundu wochuluka bwanji?

Llama yokhwima imalemera makilogalamu 130 mpaka 200, ndipo woperekeza wodziwa ntchito sayisenzetsa zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwakeko, kuwerengera ndi chishalo chomwe. Nthawi zambiri amakhala makilogalamu 25 mpaka 35.

Koma pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa kulinganiza. Zikwama ziwiri zolendewera m'mbali zimayezedwa pa sikelo ya m'manja m'mawa uliwonse, chifukwa chakudya chikamatha mbali ina imapepuka. Zikasiyana ndi kilogalamu yoposa imodzi, chishalo chimapendekeka n'kumakhula khungu mpaka chilonda. Zolemera ziikeni pansi pa chikwama, pafupi ndi nthiti, ndipo pesani ubweya wa pamsana musanaike chishalo. Kamtengo kakang'ono kobisala mu ubweya n'kokwanira kuononga ulendo.

Nanga ikagona panjira n'kukana kudzuka?

Musaikoke mwamphamvu. Si mwano ayi, ikukuuzani kuti katundu walemera, yatenthedwa, kapena china chikuilasa. Tsitsani zikwama, yang'anani pansi pa chishalo ndi kumapazi. Ilibe ziboda zolimba ngati hatchi, pansi pa phazi pake n'pofewa, ndiye miyala yakuthwa imaicheka. Ikamapuma kukamwa kuli yasa, ipititseni pamthunzi.

Chilolezo amatenga ndani?

Kampani yolipiritsa alendo iyenera kukhala ndi chilolezo cha U.S. Forest Service, nthambi ya boma la America yoyang'anira nkhalango. Funsani musanalipire. Gulu limodzi silipitirira anthu 15.

Tenti tingamange paliponse?

Ayi, pakhale mtunda wa mamita pafupifupi 60 kuchokera kunyanja kapena kunjira. Llama musaimangirire pamtengo usiku wonse, chingwe chimasenda khungwa. Khomani chikhomo paudzu, muzichisuntha kuti isadye malo amodzi mpaka dothi kuonekera. Onaninso kuti palibe larkspur kapena lupine, zomera zamaluwa okongola koma zapoizoni.

Chakudya cha ziweto chobwera nacho chiyenera kukhala ndi chitsimikizo choti mulibe njere za udzu wachilendo. Njere zimatuluka ndi ndowe n'kumera kumene sizinaliko.

Tikakumana ndi okwera mahatchi, apatuke ndani?

Inuyo. Mahatchi ambiri amadzidzimuka akaona llama. Patukirani kumunsi kwa njira, imani chilili, ndipo lankhulani ndi wokwerayo kuti hatchi imve mawu a munthu.

Zimbalangondo ziliko?

Ziliko. Chilichonse chafungo, kaya chakudya, mankhwala otsukira mano, kaya chakudya cha llama, chimasungidwa m'chotengera choti chimbalangondo sichingatsegule, apo ayi chimapachikidwa mamita 3 kuchokera pansi komanso kupitirira mita imodzi kuchokera pathunthu la mtengo. Llama ikaona chilombo imalira mokuwa kwambiri, koma musaiyese mlonda.

Nyengo yabwino ndi iti?

Julaye mpaka pakati pa Seputembala, chipale chofewa chitasungunuka. Julaye ali ndi udzudzu wosaneneka. Mvula ya mphenzi imakonda masana, choncho mipata ya pamwamba pa mapiri iwolokeni m'mawa. Misasa yambiri ili pamwamba kuposa mamita 3,000, ndipo mutu ndi nseru zimatha kuyamba munthu akangodutsa mamita 2,500. Gonani usiku umodzi kapena uwiri m'tauni ya Pinedale, yomwe ili m'munsi mwa mapiriwa, thupi lizolowere. Mutu ukakula kapena kupuma kukavuta muli chikhalire, tsikani tsiku lomwelo.